Tsiku Limene Njovu Zinasasula Denga ku Mwazisi

Ku koleji ndinakhalako nthawi yokwanira kuphunzira mawu aatali, koma ndinachokako ndisanaphunzire kowagwiritsa ntchito. Akuluakulu a sukuluyo ndi ine tinasiyana mwamtendere: iwo anatsala ndi satifiketi, ine ndinatenga sutikesi. Ndinabwerera ku Rumphi Boma, kumene bambo anga, a kwawo ku Dowa, ankagwira ntchito ya boma. Anandilandira ndi nkhope imene ankapita nayo ku maliro a anthu osawadziwa bwino.

Zipani zinali zitangochuluka kumene, ndipo mabungwe nawo ankamera ngati chisoso. Limodzi mwa mabungwewo linkathandiza alimi a mtedza a ku Mwazisi, likulu lake lili ku Mzuzu, ndipo linkafuna mlembi pa ofesi yake ya pa Boma. Ananditenga chifukwa ndinapita nditavala tayi. Bwana wanga anali mayi a ku Ntcheu, aafupi, oyenda ngati kumbuyo kukupsa. Ankanditchula kuti "bambo mlembi", ulemu umene mpaka lero sindidziwa ngati unali ulemu.

Chakumapeto kwa chilimwe, njovu za ku nkhalango yosungira nyama ya Vwaza zinafika pa shedi yathu ku Mwazisi. Zinasasula malata mbali imodzi, zinadya zimene zinadya, n'kubwerera kwawo osatsanzika. M'shedimo munatsala mbewu ya mtedza imene alimi ankayembekezera kulandira kuti adzale. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha kumapiri. Mvula ikanapeza denga lili yasa, mbewu ikanaolera m'matumba, ndipo alimiwo akanalowa dzinja opanda chodzala. Malata akanachokera ku likulu kokha, ndipo likulu silinkamva kanthu kosalembedwa.

"Bambo mlembi, pitani mukaone, mubwere mulembe lipoti," anatero mayi aja. "Mawa ndipita nalo ndekha ku Mzuzu."

Ndinapita, ndinaona, ndipo ndinazindikira kuti nthawi yanga yakwana. Ndinakhala pa taipi ngati woimba limba m'tchalitchi. Ndinayamba ndi mbiri ya dambo la Vwaza kuchokera nthawi ya atsamunda. Ndinafotokoza ubale wa munthu ndi nyama. Ndinathokoza likulu chifukwa cha utsogoleri wake wanzeru. Chingerezi chake chinali choti mphunzitsi amene anandilepheretsa akanachiona akanadwala mutu. Nkhani ya malata inali patsamba lomaliza, itabisala ngati mkamwini amene waona apongozi akubwera m'njira.

M'mawa mwake mayi aja analiwerenga lonse. Kenako anati, "Ndiperekezeni ku depoti."

Anakwera minibasi ya ku Mzuzu n'kukhala pawindo. Itadzaza, dalaivala ataliza injini, anatulutsa dzanja n'kundibwezera lipoti langa.

"Bwana wa ku likulu amawerenga ataimirira, makiyi a galimoto ali m'manja," anatero. "Ili sangalifike kumapeto. Ndiuzeni pakamwa zoti ndikawauze. Fulumirani, tikunyamuka."

"Mayi, monga mukudziwa, kuyambira kalekale dera la Mwazisi..."

Minibasi inayamba kuyenda. Ndinayenda nayo.

"Poganizira mmene zinthu zakhala zikukhalira pakati pa anthu ndi nyama..."

Inawonjezera liwiro. Ndinayamba kuthamanga, tayi ili paphewa, amayi ogulitsa nthochi akundipatsa njira. Mpweya utatsala wochepa, mawu aatali onse anandithawa, ndipo ndinangokuwa kuti, "Njovu zasasula denga, mbewu inyowa, atumize malata sabata ino!"

Mayi aja anagogoda galasi. "Kondakitala, nditsika."

"Amama, mwakwera liti kuti mutsike?" anadandaula kondakitalayo. "Mukutichedwetsa chomene. Kapena mwamumvera chisoni mpongozi wanuyu?"

"Ameneyu ndi mlembi. Wangoyamba ntchito panopa."

Anatsika, n'kudzikonza chitenje. "Zimene mwakuwazo, bambo mlembi, ndiye lipoti. Tiyeni mukazilembe pamwamba penipeni."

Ku ofesi anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Ziganizo zitatu zija zinalowa poyamba. Kenako anayamba kusenda zotsalazo ngati chinangwa.

"Apa mwati gulu lalikulu la njovu. Munaliona?"

"Ndi mmene ananenera alimi, mayi."

"Inuyo munaona chiyani?"

"Ndowe. Ndi mapazi."

"Ndiye lembani kuti ndowe ndi zanu, njovu ndi za alimi. Bwana adziwe zimene mwaona ndi zimene mwamva."

Ndinalemba, mwa mawu aulemu pang'ono.

"Apa mwati pakufunika zipangizo zosiyanasiyana. Munthu angalowe m'sitolo n'kunena kuti mundipatse zosiyanasiyana? Kalipentala anati malata angati, aatali bwanji?"

Mwamwayi kalipentala wa ku Mwazisi anali atandiuza, ine n'kuziona ngati zazing'ono zosayenera lipoti la munthu wofikako ku koleji. Zinalowa, ndi misomali yomwe.

"Nanga 'posachedwa' ndi tsiku liti pa kalendala? Ndipo 'zikonzedwe' azikonze ndani, mzimu?"

Tinalemba tsiku. Tinalemba kuti likulu litumize, kalipentala akhome, ine ndikayang'anire. Mbiri ya Vwaza inapita yonse. Ndinapempha kuti liwu limodzi lalitali litsale, la chikumbutso chabe. Anati ndipite nalo kunyumba ndikalisunge. Lipoti lonse silinadzaze tsamba, ndipo ndinaliyang'ana ngati nkhuku yososola. Masana mayi aja anakwera minibasi ina, ulendo uno osatsika.

Kuchokera nthawi imeneyo ndalembera malipoti mabwana osiyanasiyana, ena oleza mtima, ena ayi, ndipo ana anga akula ndi ntchito imeneyi. Mayi aja akanatha kulikonza okha lipotilo, kapena kundibweza kwa bambo anga, amene nkhope ija anali asanaivule. Anasankha kutaya theka la tsiku ndi kunyozedwa ndi kondakitala. Sindinawathokoze bwinobwino, chifukwa pa msinkhu umenewo munthu amene wakuthamangitsa pamaso pa msika wonse sumufunira mafuno abwino msanga. Anasamutsidwa patapita zaka zingapo. Kulikonse kumene ali, adziwe kuti ndinachira.

Lole ya malata inafika ku Mwazisi sabata yomweyo. Mvula yoyamba inapeza kalipentala akadali padenga, misomali ili kukamwa, ndipo matumba a pakona anadonthedwa pang'ono. Tinawakhuthula n'kuwayanika dzuwa litatuluka. Pa tsiku logawa mbewu, mayi wina wachikulire, amene munda wake unali m'malire mwenimweni mwa Vwaza, sanafune kumva za lipoti kapena za likulu. Anapisa dzanja pansi penipeni pa thumba, anatulutsa mtedza umodzi n'kuuluma. Unalira kuti khwa. Anathokoza kalipentala kuti "yewo", anasenza thumba lake n'kumapita kukadzala.