Makutu a Tilekeni

Ine mpaka lero, galu akanyowa ndi mvula n'kubwera kudzadzikung'untha pakhonde panga, fungo lakelo limandinyamula n'kukandiponya ku Mualadzi, pakhomo pa a Fulujensiyo: fungo la ubweya wonyowa, la fodya wa chingambwe, ndi la gaga wopsereza m'chitini chakuda chimene ankaphikiramo phala la agalu. Nyumba yawo inali kuseri kwa nkhokwe yathu. Mkazi analibe, mwana analibe, koma agalu a mudzi wonse ankagona pamenepo ngati ndi kwa amalume awo.

Nkhalamba imeneyi paunyamata wake inkagwira ntchito kwa Mpwitikizi wina wogula thonje, kumusamalira agalu osakira nyama. Bwanayo atathawa anawasiyira chipewa, wenzulo woitanira agalu, ndi nthenda imodzi: galu aliyense wodutsa, iwo ayenera kumuwerenga. Amukoka khutu, amukanula kukamwa kuti aone ngati m'kati ndi mwakuda, amutambasula zala za kuphazi, amuyeza mchira ndi chikhatho. Akatero atsokomola, kho, kho, n'kuyamba ndi mawu awo a m'mphuno aja: "Uyu bambo wake ndi galu wa apolisi. Agogo ake ankadya nyama ya m'chitini." Galu wakenso wa nkhupakupa, nthiti zowerengeka. Anthu ankafa nazo kuseka, eni ake osaseka. Koma n'kuuzeni, ankalondola. Akati uyu adzaba mazira, ankabadi. Akati uyu adzagwira insa, mwezi sutha mwadya insa.

Ife tinali ndi galu wamkazi wofiira, wa makutu oimirira, wa pamudzi weniweni, wouwa ngakhale tsamba likagwa. Anaswa ana anayi, atatu ngati iye, koma mmodzi woyera wa mawanga a khofi, makutu ake aakulu ogwa ngati masamba a fodya ofota. Ameneyo ndinamutenga ine, ndinamutcha Tilekeni. A Fulujensiyo atamuona anavula chipewa. Anamuwerenga kawiri konse, n'kunena kuti ameneyu ndi peredigero, mtundu wa agalu a bwana wawo osakira nkhwali, ndipo bambo wake ayenera kukhala mdzukulu wa amene anatsalira ku mishoni. Anati galu wotere sauwa. Akanunkhiza chinthu amangoima chilili, mwendo umodzi wakutsogolo m'mwamba, mchira nga, mpaka mwini wake afike.

Amayi anali pamtondo. Anaika munsi pansi n'kufunsa kuti, "Nanga make uja wa pakamwa ngati belu la tchalitchi mwamusiya kuti?"

"Kwa agalu timawerenga kuchimuna, mayi. Bwana anali ndi pepala la galu aliyense."

"Pepalalo anapita nalo kwawo. Kuno mwana ndi wa kwa make, kaya wa munthu kaya wa mbuzi."

Anaseka onse awiri. Tinkaseka nthawi imeneyo.

Nkhondo itafika kwathu ndinali ndisanathe msinkhu. Sukulu inatsekedwa, nkhokwe zinapsa, ndipo anthu a mfuti akakupeza ankakusenzetsa katundu, ukatopa n'kukusiya pomwepo osadzukanso. Mabanja asanu ndi awiri tinathawira m'nkhalango ya m'mbali mwa kamtsinje, pansi pa miyala ikuluikulu. Wotitsogolera anali amalume anga a Zakariya, munthu wosalankhula kawiri. Anaika malamulo: mtondo usalire, utsi usaoneke masana, mwana akangoyamba kulira bere m'kamwa. Atambala onse tinadya sabata imodzi. Kenako inafika nthawi ya agalu.

Amalume anatenga chingwe ndi mpini wa khasu. Ankapita nawo mmodzimmodzi kuseri kwa chulu, ife n'kumangomva phu, basi. Make Tilekeni anapita akugwedeza mchira, akuyesa kuti akupita kosaka. Atabwerera kudzatenga Tilekeni ndinamukumbatira m'khosi, nkhope ndaikwirira m'makutu ake aja. Amalume anati, "Lusiya, chotsa manja." Sindinachotse.

Apa ndi pamene a Fulujensiyo anadzuka. Iwo anali atangokhala chete agalu awo onse akupita kuchulu, koma apa anaima pakati. Anakanula kukamwa kwa Tilekeni, anatambasula khutu, anaonetsa chifuwa, ngati wogulitsa ng'ombe. Anati kupha galu uyu n'kudzikolowola diso, chifukwa adzatiuza kuti kukubwera anthu popanda kutulutsa mawu.

"Akauwa mudzafunse ine," anatero.

Amalume anawafunsa kuti, "Akauwa, achikulire, tidzakufunsani tili kuti?"

Koma anthu anali atatopa ndi kuphako, ndipo onse ankakumbukira za mazira ndi insa zija. Amalume anaponya mpini pansi. Amayi anangondiyang'ana ine, n'kuyang'ana galuyo.

Miyezi inayi Tilekeni sanauwe. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu. Tsiku lina tikutola nkhuni anaimadi chilili, mwendo m'mwamba, mchira nga, ndipo m'udzumo munatuluka nkhwali. A Fulujensiyo anayenda tsiku lonse chifuwa patsogolo. Anagawana naye kachinangwa kawo, akumulankhula Chipwitikizi. Ngakhale amayi anayamba kumuponyera makoko a mbatata.

Tsiku lakelo linali la chilimwe, dzuwa lili paliwombo, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Tinamva mawu panjira ya kumtunda kwa miyala, mawu a amuna ambiri ndi zitsulo kugundana. Tonse pansi, chafufumimba. Mayi wina anatseka mwana wake pakamwa ndi bere mpaka mwanayo maso tong'o. Ine chingwe cha Tilekeni ndachikulunga padzanja.

Galu uja anaimirira. Mwendo m'mwamba. Mchira nga. Chete. A Fulujensiyo, ali chigonere, anatembenuza mutu kuyang'ana amalume, akumwetulira ndi mano awo atatu aja.

Ndiye anthu ajawo anali ndi mbuzi yolanda. Mbuzi inalira, mee. Ndinaona mwendo wa Tilekeni uja ukutsika. Ndinaona ubweya wa pamsana ukuimirira kuyambira pakhosi mpaka kumchira, ndipo msana umenewo ndinaudziwa, ndinali nditauona kambirimbiri pakhomo pathu nkhuku ya eni ikalowa. Ndinaponya dzanja kuti ndimugwire pakamwa, ndinachedwa.

Hu. Hu. Huu.

Katatu. Mawu a make enieni, ngati wadzuka kuseri kwa chulu kuja.

Kumtunda kuja kunati zii. Kenako wina anati, "Kumunsiku kuli anthu."

Palibe anapuma. Amalume anali atagwira mpeni, koma kupha galu apa kukanathandiza chiyani? A Fulujensiyo anakwawa kufika pamene ndinali. Anamasula chingwe padzanja langa chala chimodzichimodzi, chifukwa ine ndinali nditauma. Anavala chipewa chawo. Anayang'ana amayi n'kunong'ona kuti, "Munanena zoona, mayi. Ndi wa kwa make." Kwa ine anangoti, "Usadzutse mutu, Lusiya."

Anatsetsereka ndi mchenga wa kamtsinje kouma kaja, galu ali m'khwapa, atamugwira pakamwa. Anapita kutali, kumene mtsinje ukhota. Kumeneko ndi kumene tinamva wenzulo, pyee, pyee, ndi mawu awo akukalipira galu ngati mlenje wolusa kuti nyama yamuthawa. Tilekeni anauwanso, kutali ndi ife tsopano. Mapazi onse a kumtunda aja anathamangira komweko.

Mphepo inkabwera kwathu, ndiye tinkamva. Amuna aja anawafunsa a Fulujensiyo kuti ali ndi yani. Iwo anati ali ndi galu wawoyu basi, mudzi wonse unathawira ku Zambia kalekale, iwo anatsala chifukwa cha miyendo. Kenako, Mayi Maria, ndinamva kho, kho. Anayamba kuwawerengera galu. "Taonani khutu ili, bwana. Taonani m'kamwa. Uyu ndi peredigero, agogo ake anabwera pa sitima." Amuna aja anaseka kwambiri. Wina anati nkhalambayi ndi yamisala. Iwo osaleka, mchira, chifuwa, zala za kuphazi, akuwakokera kutsogolo ndi nkhani, mawu akunka nachepa.

Mfuti inalira kamodzi. Ina sitinaimve.

Tinagona pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, nyerere zikutiluma, osazikanda. M'mawa mwake amalume anatsika kukaona. Anapeza Tilekeni pamchenga, chingwe chili m'khosi, ndi mapazi opanda nsapato a nkhalamba pakati pa mapazi a majombo, akulowera kumadzulo. Amalume amene anapha agalu onse a mudzi aja anakumba dzenje ndi manja n'kumukwirira. Tsiku lomwelo tinanyamuka, kudutsa cha ku Nsadzo, mpaka ku Zambia. Nkhondo itatha tinafunsa aliyense wobwerera za a Fulujensiyo. Palibe anawaona. Manda awo kulibe. Misa yawo tinachitira chitini chakuda chija, chimene tinachipeza paphulusa la nyumba yawo.

Anthu ena ankati nkhalambayo inalakwa, inatsala pang'ono kuphetsa mabanja asanu ndi awiri chifukwa cha makutu a galu. Amayi akamva zimenezo ankati inde inalakwa, ndipo inalipira yokha osatuma munthu. Amene anakana kuchotsa manja m'khosi mwa galu uja ndinali ine.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga wabwera pa njinga yamoto kuchokera kumsika wa ku Chifunde, kagalu kali m'jekete. Akuti wogulitsa wamuuza kuti n'kachizungu, ndiye agogo tatiuzani, ndi mtundu wanji? Manja angawa anayamba okha. Khutu, m'kamwa, zala, mchira ndi chikhatho. Zonse ndinaziona, ndipo dzina la mtundu wake linafika palilime, pamodzi ndi kachifuwa kaja, kho, kho. Ndinalimeza.

Ndinamubwezera kagalu kake n'kumuuza kuti, "Bwerera komwe wakagula. Ukandionere make."