Nsapato za Mayi Irene

Ndikukumbukira fungo la penti ndi khofi wozizira m'chipinda chapansi cha holo ina mumzinda wa Brampton, kutsidya kwa nyanja. Tinali titangofika kumene kuchokera ku Zomba, ine ndili ndi zaka khumi. Loweruka amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndiye posowa wondisiyira ankanditula kumeneko, ku gulu la anthu a m'deralo okonda kujambula. Onse anali azungu opuma pantchito, imvi zili mbuu. Mwana ndinali ndekha, ndipo Chingelezi chawo cha m'mphuno sindinkachimva. Ndinkasungulumwa koopsa.

Chaka chilichonse gululo linkachita chionetsero. Ndinkalakalaka chithunzi changa chitapachikidwa nawo pakhoma, kuti mwina wina n'kufunsako dzina langa. Ulendo umenewo anagwirizana zojambula nkhope ya Mayi Irene, wamkulu pa onse. Anakhala pampando pakati pathu, n'kundilozera maso awo ndi zala ziwiri.

"Uzindiyang'ana muno, mwana iwe," anatero.

Ine kuyang'ana munthu wamkulu m'maso? Kwathu umenewo ndi mwano. Ndinayesa, khosi linakana. Basi ndinajambula zimene maso anga ankaloledwa kuona: nsapato zawo zabulauni zodyeka ndi mchere wothira m'misewu nthawi yachisanu, chingwe chimodzi chomasuka, ndi akakolo otupa. Ndinadziwa kuti ndalephera. Pepalalo ndinalisiya pansi pa tebulo n'kupita kukadikira basi.

Tsiku la chionetsero amayi anali kuntchito, ndinapita ndekha. Pakhoma panali nkhope za Mayi Irene ndandanda, zonse zosalala ngati za namwali, ndipo pakati pake wina anali atapachikapo pepala langa la nsapato lija. Eni ake nsapatozo anali ataima pomwepo, atatsamira ndodo.

"Enawa andinamiza," anandiuza pang'onopang'ono kuti ndimve. "Iwe wekha ndiye waona pamene pamandipweteka."

Ndinati zikomo, maso ali pansi. Kunyumba ndinapeza amayi atagona pampando ndi yunifolomu yomwe, ndipo sindinawadzutse.

Lero ana anga amandiyang'ana maso ali tong'o, n'kumandiyankha m'Chingelezi. Gulu lija lilipobe, muli anthu amitundumitundu tsopano. Mayi Irene anatisiya kalekale. Ndiwo anayamba kundiona m'dziko lino, koma ndikati ndikumbukire nkhope yawo, zimene zimabwera ndi nsapato basi.