Mwana wa Mlongo Amene Sanalandire Ufumu

Loweruka, pa 8 Malichi

M'mawa ndinali kupinda pepala langa lalikulu kuti lilowe m'chikwama, amayi akundikuwira pakhomo. Pepalali ndikalisonyeza m'kalasi Lolemba. Ndajambulapo mzere wa mafumu akale a ku Germany, ndipo zonse ndinazitenga m'masewero a pakompyuta amene ndimalamuliramo dera la Swabia. Mmenemo mfumu yaikulu itamwalira yopanda mwana, ufumu unangopita kwa mwana wa mlongo wake. Aphunzitsi analemba pambali kuti, "Watsimikiza?" Ine sindinaone chachilendo. Kwathu ku Dedza si mmene zimakhalira?

Amayi amagwira ntchito yosamalira Agogo Helga ku Alexandria, tawuni ya kutsidya kwa mtsinje wa Potomac. Agogowa anabadwira ku Germany ndipo anali mphunzitsi wa mbiri. Anavomera kuti ndibwere ndiwafunse.

Tinatsika masitepe oyenda okha a pa siteshoni ya sitima ya Wheaton 8 koloko isanakwane. Ndi aatali moti amayi amagwiritsa chitsulo ndi manja onse awiri, milomo ikuyenda. Sitima tinalipira madola awiri ndi theka aliyense. Pa Gallery Place tinasintha, n'kukwera sitima ya njira yachikasu. Mayi wina wa ku Zambia, atavala yunifolomu ya anamwino, anatimva.

"Imwe, ndimwe ba ku Malawi? Nanga ka mwana aka kakamba Chinyanja?"

"Amamva zonse, koma kuti ayankhe mpaka mudikire Khirisimasi," anatero amayi.

Ndinayang'ana mtsinje wa Potomac mpaka tinawoloka. Potsika mayiyo anandifumbatitsa chitumbuwa, ndipo ndinachibisa m'thumba poti m'sitima saloleza kudya.

Pa King Street tinakwera basi, ulendo wa mphindi khumi. Agogo Helga anatipatsa tiyi ndi buledi wakuda wowawasa, amene ndinamumeza mwaulemu. Kenaka anayala pepala langa pamiyendo, chala chawo chikutsata mizere. Chinaima pamuvi womaliza, wochoka kwa mfumu yaikulu ija kupita kwa mwana wa mlongo wake.

"Mnyamatayu analipodi," anatero m'Chingerezi chawo cholemera. "Analandira minda ndi nyumba za banja, ndipo ankadziona ngati mfumu kale. Koma akalonga anakumana, anamuopa, nasankha munthu wina."

Masabata atatu ndakhala ndikukongoletsa muvi wabodza.

Amayi, amene ankawapaka mafuta m'mapazi, anaseka. "Iwe Tadala, anakuuza ndani kuti kwathu mwana wa mlongo amangotenga? Azimayi a mbumba amakhala pansi kaye. Amalume ako a Yohane anasoketsa kale suti, koma anawadumpha chifukwa cha kachasu."

Amayi atawamasulira mawuwo, agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye akalonga athu akanagwirizana ndi azimayi anu," anatero. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ana awo a sukulu ambiri ankalakwitsa pomwepo, ngakhale kunalibe makompyuta.

Ndinabwerera ndekha masana, koyamba m'moyo wanga, amayi atandilembera masiteshoni kuseri kwa dzanja. Njira yonse ndinkaganiza zojambula pepala latsopano kuti wina asadziwe. Koma masewero aja sananame mwadala. Makina amafuna lamulo limodzi, pomwe anthu amakhala pansi n'kukangana, ku Swabia ngakhale ku Dedza. Ndikabisa muviwo, ndibisanso chinthu chokhacho chimene ndachipeza ndekha.

Mawa tikabwera kutchalitchi ndiudula ndi cholembera chofiira, osaufufuta. Kenaka ndiimirira pabalaza pamaso pa amayi, ndiyeserere kunena mokweza kuti, "Apa ndinalakwitsa, ndipo ndikuuzani chifukwa chake," mpaka nditazolowera.