Minda ya ku Nsabwe imene ndinafufuta

Ntchito ya makompyuta pa esiteti ya tiyi ndinaiyamba nditangomaliza sukulu ku Blantyre. Kwathu ndi ku Kasungu, ndiye ku Thyolo ndinali mlendo wosadziwa ngakhale moni wa Chilomwe. Anandipatsa kachipinda koyang'anana ndi fakitale, ndipo fungo la masamba ofota linkalowa pawindo tsiku lonse.

Makompyuta akuluakulu a kampani sanali pamalopo ayi. Tinkabwereka akutali kudzera pa intaneti, aja amati ali mumtambo. Ine ndinaikapo pulagini, kapulogalamu koyang'anira gulu la makina obwerekawo. Ntchito ikachuluka imadzutsa ena atsopano, ikatha imawafufuta pamodzi ndi zonse zili m'kati mwake. Makina a m'gulu lake imawadziwa poona chizindikiro chimene munthu wawapatsa. Ndinkanyada nayo, poti bwana wamkulu ankanditchula pamisonkhano.

Panali alangizi ena aakazi, amsinkhu wa mayi anga, amene ankayendera alimi ang'onoang'ono ogulitsa masamba ku fakitale yathu. Chaka chimenecho anatha milungu itatu ku Nsabwe akuyeza minda ndi foni, kuzungulira wapansi malire a munda uliwonse, kukwera ndi kutsika zitunda. Zimene ayeza ankazitumiza ku kompyuta imodzi ya mumtambo imene ndinawakonzera padera. Foni yawo inkadzaza msanga, choncho ndinawauza ndi pakamwa panga kuti akatumiza azifufuta m'fonimo.

Lachisanu lina masana, ndikuthamangira minibasi ya ku Limbe, ndinaona kuti makina athu ali balalabalala, ena ndi chizindikiro ena opanda. Ndinawasankha onse n'kuwapatsa chizindikiro chimodzi, osawerenga n'komwe kuti ali ndi ntchito yanji. Kompyuta ya alangizi inalowa m'gulu. Pulagini inaipeza ili phee, ndipo ndisanafike pa Bvumbwe inali itaifufuta.

Lolemba m'mawa bwana analowa m'kachipinda kanga ndi alangizi, akufuna mapu a minda ija. Ndinafufuza, osapeza kanthu. Nditatsegula pamene pulagini imalemba zimene yachita, ndinaona tsiku, ola, ndi umboni woti wapereka chizindikiro ndine. Ndinatseka msanga. Bwana anali kumbuyo kwanga, koma zolembazo sankazimva.

"Zili kuti?" anafunsa bwana.

"Zikuoneka kuti sizinafike, bwana. Mwina potumiza panalakwika."

Alangizi anandiyang'ana. "Koma achimwene, paja munandionetsa sabata yatha minda ija ili pakompyuta?"

"Zija zinali zongoyeserera, amayi."

Bwana anapukusa mutu. "Amayi, zinthu zamakonozi zikamakuvutani muzifunsa. Milungu itatu yapita pachabe."

Iwo anagwira manja pamodzi n'kuti, "Pepani bwana, ndibwererako." Ine maso ali pa kiyibodi.

Choipa kwambiri n'chakuti bwana anandituma kuti ndipite nawo tsiku loyamba, ndikawaphunzitse kutumiza bwino. Mvula inali itayamba. Ndinakwera kumbuyo kwa njinga yawo yamoto, iwo akuwongolera m'matope ofiira, ine nditagwira chikwama chawo. Pamene msewu unathera tinasiya njinga pa golosale n'kuyamba wapansi. Pa chitunda chachiwiri ine mpweya unali utatha, nsapato zanga za muofesi zitalemera ndi dothi. Iwo ankangondidikira.

Pa munda wachinayi tinapeza bambo wina wachikulire akudulira tiyi wake. Atamva chimene tabwerera anaika mpeni pansi n'kuyankhula nthawi yaitali m'Chilomwe, mawu atakwera. Ndinafunsa alangizi kuti akuti chiyani.

"Akuti munda woyezedwa kawiri ndiye kuti wina akuufuna. Akuti makolo awo anaona zotere, malo n'kupita."

Alangizi anakhala pansi pa mzere wa tiyi n'kuyamba kumufotokozera bamboyo mofatsa, akusakaniza Chilomwe ndi Chichewa. Ndinamva bwinobwino akuti, "Ndine ndinalakwitsa, bambo. Foni imeneyi sindinaizolowere." Bamboyo anakanabe. Tinachoka munda wake osauyeza, ndipo mnansi wake amene ankamvetsera anakananso.

Titatsikira pa kamtsinje, alangizi akutsuka matope ku magambutsi, ndinalephera kupirira.

"Amayi, zinthu zija munatumiza bwino. Ndine ndinazifufuta."

Sanatembenuke. "Ndinkadziwa, achimwene. Zongoyeserera zingakhale ndi munda wa alamu anga? Ndinauona ndi maso anga tsiku lija."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Pakati pa inu ndi ine, pa nkhani ya makompyuta, bwana akanakhulupirira ndani?" Anavala magambutsi aja. "Tiyeni, minda ikadalipo yambiri."

M'mawa mwake ndinapita kwa bwana n'kuulula zonse. Anali akuyang'ana foni yawo. Anangoti, "Chabwino, zisadzachitikenso," basi. Sindinalandire kalata yochenjeza, ndipo sindinamve kuti anawaitana alangizi kuti abweze mawu aja anawanena pamaso panga. Ndinalembanso uthenga wofotokoza kwa mabwana onse, n'kuwatchula alangizi kuti analibe cholakwa. Palibe anayankha.

Makinawo ndinawakonza. Makina osunga zinthu za anthu ndinawachotsa kumene pulagini imafika, ndipo tsopano chilichonse chimasungidwa pawiri. Alangizi anamaliza kuyezanso m'milungu inayi chifukwa cha mvula. Minda iwiri ija pa mapu athu palibe mpaka lero, eni ake sanalole.

Tinagwira ntchito limodzi zaka zina ziwiri asanapume. Ankandipatsa moni bwinobwino, nthawi ya mapeyala n'kundibweretserako. Koma kuyambira pamenepo ankayenda ndi kope lachikuto cholimba, ndipo munda uliwonse akayeza ankaulembanso ndi cholembera asanatumize kwa ine. Sanandibisire. Ankalemba ine ndikuona, atakhala pa mpando wa m'kachipinda kanga.