Thumba Linatuluka M'dzina la Bambo a Ana Anga

Chaka chimene mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula, ndinali ndi ana anayi, nkhokwe yopanda kanthu, ndi mwamuna amene anthu ankayesa kuti ndikadali naye. Kwathu ndi kumapiri a ku Ntchisi, ulendo wa maola awiri wapansi kuchokera pa Malomo. Bambo a ana anga anali mkamwini. Anabwera kudzakhala pamudzi pathu, ndipo tinalima limodzi zaka zoposa khumi. Fodya atatikanika zaka ziwiri zotsatizana, anagulitsa mbuzi zathu n'kugula njinga, amvekere akayambe kabaza pa Malomo. Poyamba ankabwera Loweruka lililonse ndi kamchere ndi sopo. Kenako anayamba kudumphitsa. Pofika nthawi yokolola anali atasiyiratu, ndipo mayi wina wopitapita kumsika anandinong'oneza kuti akukhala ndi mkazi wogulitsa tomato kuseri kwa chigayo.

Ine sindinauze munthu. Ndinali m'gulu la amayi a kutchalitchi, ovala bulauzi yoyera aja, ndipo ndinkaopa kukhala nkhani. Akandifunsa za abambo ndinkangoti, "Ali bwino, ntchito yawachulukira."

Mwezi wotentha, mitengo itayoyola masamba, kunamveka kuti boma likulemba mabanja ovutika oti adzalandire chimanga nthawi ya njala. Olembawo ankayenda khomo ndi khomo. Pakhomo panga panafika mtsikana wovala nsapato zamphira, atanyamula foni yaikulu ngati mbale, pamodzi ndi bambo wina wa komiti ya m'mudzi amene ankamulozera nyumba. Anansi nawo anabwera, ena atanyamula ana, n'kuima m'mphepete mwa bwalo ngati pali gule.

Ndinamuyalira mkeka. Anandifunsa zambiri, ndipo zonse ndinayankha mosabisa. Timadya kangati patsiku? Kamodzi. Ziweto? Nkhuku imodzi ya anapiye atatu. Tinakolola zochuluka bwanji? Ndinamutengera kunkhokwe kuti akaone yekha, ndipo anasuzumira n'kupeza zitsononkho ndi manyi a makoswe. Ndinaitana ana onse anayi kuti aime pamzere awawerenge. Wamng'ono, wa zaka ziwiri, anabisala m'chitenje changa.

Kenako anafunsa, maso ali pafoni, "Amuna anu alipo?"

Ndinayang'ana anansi aja. Onse anali tcheru.

"Alipo," ndinatero.

"Ndiye kuti mutu wa banja ndi iwowo. Dzina lawo ndi nambala ya chitupa chawo cha unzika."

Nambalayo ndinali nayo. Ndinailemba kuchikuto cha buku la nyimbo nthawi imene tinkalembetsa za feteleza. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga bukulo, ndinamuwerengera ndi pakamwa pangapa. Sanandifunse kuti ali kuti, anabwera liti komaliza, kapena ndani amaphikira ana. Nanenso sindinanene. Zonsezi zinatenga nthawi yochepa kuposa yothyola ndiwo kudimba.

Tinadikira miyezi iwiri. Ndinkapita kukagwira ganyu m'minda ya anthu a fodya, kuthirira nazale, kubwerako ndi kambale ka ufa kapena madeya. Tsiku lowerenga maina, dzina la bambo a ana anga linamveka. Mabanja ambiri anatsala, ena ovutika ngati ine ndemwe, ndipo pobwerera mnzanga wina amene tinkatungira madzi limodzi sanandiyankhule njira yonse. Ine mumtima ndinkaimba.

Chimanga chinabwera mvula itayamba kale. Ankagawira pabwalo la sukulu ina, kutsidya kwa mtsinje. Ndinalawirira mamawa ndi matumba awiri opanda kanthu, kuti ndikagawe pakati n'kusenza maulendo awiri. Tinakhala padzuwa mpaka masana, lole itaima apo, matumba ataunjikidwa, fungo la mankhwala a anankafumbwe likutifika m'mphuno. Ataitana dzina lathu ndinadzuka msangamsanga n'kupereka chitupa changa.

Mnyamata wa patebulo anayang'ana chitupacho, n'kuyang'ana pepala. "Mayi, ili si dzina lanu."

"Ndi la amuna anga. Ndine mkazi wawo, ndine ndinalembetsa."

"Amalandira ndi mwini dzina. Ali kuti?"

Ndisanatsegule pakamwa, kumbuyo kwanga kunamveka mawu. "Ndilipo."

Ndinacheuka. Anali iwo, atavala jekete imene sindinkaidziwa, njinga ataitsamiritsa pamtengo. A kabaza amamva zonse, poti tsiku logawa ndi lawo lonyamula katundu. Munthu wina anali atawauza kuti dzina lawo latuluka. Anadutsa pambali panga, anapereka chitupa, anadinda chala. Anyamata awiri anawathandiza kukweza thumba pakaliyala.

Ndinene zoona, mtima wanga unakondwa. Ndinkayesa kuti abwera kudzandithandiza kunyamula, mwinanso kubwerera kunyumba. Anthu ankationa titaima limodzi, ndipo ndinawongola mpango wanga.

"Ana ali bwanji?" anafunsa uku akumanga thumba ndi mphira.

"Akukusowani."

"Tsogolani. Ine ndipite nacho kuchigayo pa Malomo, ndibwere ndi ufa wokhawokha. Kunoku dizilo wavuta."

Ndinatsogoladi. Nditafika ndinauza ana kuti abambo awo akubwera ndi ufa. Anatola nkhuni, anatsuka mphika, wamkulu anakathyola chisoso. Anakhala panjira mpaka dzuwa kulowa. Mawa lake anakhalanso panjira pomwepo.

Tsiku lachitatu ndinabereka wamng'ono n'kupita pa Malomo. Nyumbayo sinavute kupeza. Kanali kachipinda kamodzi kalendi, pakhomo pali mkazi akusankha tomato woola m'dengu. Anali wamng'ono kwa ine, woonda, ali ndi pakati poonekeratu.

"Ndine mayi wa ana a bambo amene akukhala muno," ndinatero. "Ndabwera kudzatenga chimanga cha ana."

Anaimirira pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. "Chimanga? Iwo anandiuza kuti anakasiya kwa inu. Akuti munawagwira pasukulu pompo n'kuwalanda."

Anakankha chitseko kuti ndione. Munali mphasa, ndowa, ndi kathumba ka ufa kogula pamsika, kaja kokwana kuphika kamodzi. Tinayang'anana. Sindinamumvere chisoni, ndipo sindikuganiza kuti iye anandimvera.

Abambowo ndinawapeza pasiteji, pamene amaima a kabaza. Njinga inali ndi matayala atsopano onse awiri, mphira wake uli bii, ndi katsamiro kofiira pakaliyala. Anzawo atandiona anasuntha pang'ono, koma makutu anawasiya pomwepo.

"Chimanga chili kuti?"

"Musandichititse manyazi pano."

"Ana akhala panjira masiku awiri. Chili kuti?"

"Njingayi ndi imene idyetse ana anuwo. Ikafa, mudya chiyani? Ndipo dzina ndi langa. Boma silinalakwitse, likudziwa mwini banja."

Anapisa m'thumba n'kundipatsa mabanzi awiri okulunga m'pepala, akuti ndikapatse ana. Ndinalandira. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndinalandira, koma mwana anali kumbuyo akulira, ndipo anadya banzi limodzi tisanatuluke pa Malomo.

Apa ndiye ndinaulula. Ndinapita kwa achimwene anga, amene ndi nkhoswe yanga, n'kuwauza zonse kuyambira pa mbuzi zija. Anandikalipira kuti ndinabisiranji, kenako anandiperekeza kwa bambo wa komiti uja. Iye anatambasula manja. "Ife timangolozera makomo. Zosintha maina ndi za ku ofesi, kuboma."

Ndinagulitsa nkhuku ija kuti ndikwere minibasi. Ku ofesi ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa. Masana anandilowetsa kwa mayi wina wamagalasi, amene anandimvetsera ndithu mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu.

"Nkhani ngati yanuyi si yoyamba. Koma polembetsa munanena kuti amuna anu alipo."

"Ndinanena."

"Ndiye ife tichite bwanji? Kuti tisinthe, abwere eni ake adzavomere, kapena mubweretse kalata yoti banja linatha, kapena yoti anamwalira."

"Sanamwalire. Banjanso sanalithetse, angochoka."

"Ndiye pamapepala muli pabanja, mayi."

Anandipatsa fomu kuti ndilembe dandaulo. Ndinalemba mosamala, poti sukulu ndinafika nayo patali ndithu ndisanakwatiwe. Anaiika pamwamba pa mulu wa mafomu ena n'kutsindirapo kapu ya tiyi kuti isauluke ndi mphepo. Anati ndidzamva.

Achimwene anatuma uthenga kwa ankhoswe a kuchimuna kuti tikhale pansi. Yankho linabwera loti mwana wawo sanasiye mkazi, akungosaka ndalama, nkhani tidzakambe tikakolola.

Mwezi wotsatira lole inabweranso. Ulendo uno achimwene anapita nane. Anati, "Akadinda chala, thumba tinyamula ndife. Tione ngati andimenye." Abambo aja anabwera ndithu, nthawi yake yomweyo, ngati munthu wopita kuntchito. Atadinda chala, achimwene anagwira thumba mbali imodzi, iwo mbali ina. Anakokana. Mawu anakwera, anthu anadzuka pamzere kudzaonerera, ena akuseka, ena akukuwa kuti, "Apatseni mayiwo!" Thumba linang'ambika pakamwa, chimanga chinakhuthukira m'matope, ndipo amayi ena anagwada n'kuyamba kutolera m'zitenje zawo.

Mkulu wa ogawawo anabwera ndi wapolisi. Sanafune kumva mbali ya wina aliyense. Anati iwo sanabwere kudzaweruza za m'banja, ndipo dzina lililonse lokhala ndi mkangano amaliimitsa kaye mpaka akuluakulu aone. Anakhwatcha papepala ndi bolopeni. Thumba lija analisoka pakamwa n'kuliponyanso m'lole ine ndikuona. Bambo a ana anga anakwera njinga yawo, ananyamula thumba la munthu wina wolipira, n'kumapita. Ine ndinagwada pamodzi ndi amayi aja. Ndinatola chosadzaza ngakhale mbale, chosakanikirana ndi dothi.

Ulendo wachitatu ndinapitanso, ngakhale ndinkadziwa. Anawerenga maina onse mpaka lomaliza. Lathu panalibe.

Miyezi iwiri imeneyo sindikonda kuikumbuka. Ndinkapalira m'minda ya eni, wanga ukumera thengo. Tinadya mango osapsa ophika, tinadya nkhwani wopanda nsima. Achimwene ankatigawira, koma nawonso anali ndi ana asanu, ndipo alamu anga anayamba kutseka chitseko pakudya. Sindiwadzudzula. Ana awiri akuluakulu anasiya sukulu chifukwa ankagona m'kalasi. Wamng'ono anayamba kutupa mapazi, tsitsi lake linafiira n'kumathothoka. Kuchipatala anamuyeza pamkono ndi kalamba koyezera ana onyentchera, namwino n'kundiyang'ana ngati ndachita dala.

"Mayi, mwanayu mumamudyetsa chiyani? Simunalembetse nawo za chimanga?"

"Ndinalembetsa."

"Nanga?"

Anatipatsa chiponde cha m'mapaketi, n'kundichenjeza kuti ndi mankhwala a mwana yekhayo. Kunyumba ndinkamudyetsera kuseri kwa nyumba, chifukwa enawo ankaima chapatali n'kumayang'ana pakamwa pake. Tsiku lina ndinapeza wachitatu akunyambita mapepala ake kudzala. Ndinamumenya. Sindikudziwa chimene ndinamumenyera.

Amayi a kutchalitchi, amene ndinkawaopa aja, anamva zonse tsiku la mkangano lija. Anabwera kamodzi, anapemphera, anasiya kabeseni ka ufa. Potuluka mmodzi anandikokera pambali n'kundiuza kuti mwamuna sathawa popanda chifukwa, ndidzifufuze.

Yankho la dandaulo langa linafika maungu atayamba kupsa, ana akuwotcha chimanga chachiwisi. Bambo wa komiti uja anandipeza kumunda. Anati ku ofesi avomera, dzina asintha, tsopano likhala langa. Ndinafunsa kuti lole ibwera liti. Anakanda kumutu. Anati zogawa za chaka chino zatha, ndipo chaka chamawa akadzafuna kugawa adzalemba mwatsopano.

Mwana uja anachira, koma mpaka pano ndi wamfupi kuposa anzake obadwa nawo chaka chimodzi. Ankhoswe anakhaladi pansi titakolola. Abambo aja anabwera, anakhala pampando, ananena kuti iwo alibe nane chifukwa, ndine ndinawabweretsera achimwene anga kudzawachititsa manyazi pagulu. Za thumba loyamba lija palibe anafunsa. Nditalitchula, mkulu wina wa kwawo anati tisakumbe zakale, njala imasokoneza aliyense. Banja linatha tsiku lomwelo, ndipo ndinapemphedwa kuti ndiwapatse moni wa m'manja kusonyeza kuti palibe chakukhosi.

Akadali pa Malomo pomwepo. Njinga ija anagulitsa, pano ali ndi yamoto. Mwezi wathawu ndinatsika minibasi ndi katundu wolemera, dzuwa lili pamutu, ndipo pasiteji panali iwo okha. Analiza injini n'kundikodola, akumwetulira ngati munthu wodziwana naye kumaliro. Ndinapinda chitenje, ndinaika pamutu, ndinasenza katundu wanga n'kuyamba kukwera phiri.