Bondo la Eluby

Eluby, mwana wachisamba wa a Nikodemo a ku Mbulumbuzi, anakula ndi mpira wamanja. Anali wamtali ngati bambo ake, ndipo akaima pansi pa golo anzake ankangoponya mpira m'mwamba osayang'ana n'komwe, podziwa kuti awakha. Timu ina ya ku Blantyre inali itayamba kale kufunsa za iye pamene anatera molakwika pa bwalo louma gwa, chilimwe cha 2022. Bondo lamanzere linalira kuti thwa, ngati phesi la nandolo.

Madokotala a m'tauni anati mtsempha waduka, ndipo anamuchita opaleshoni. Anabwerera kumudzi akuyendera ndodo. Kochitira mafizo olimbitsa bondo kunali kutali, moti anangopitako maulendo ochepa. Kenako ankadzichitira yekha pakhonde, atamangirira njerwa kuphazi ndi chitenje, kutukula mwendo mpaka misozi. Mayi ake ankamuuza kuti aiwale za mpira, ayambe kuganiza za banja. Iye anangopitiriza mafizo ake. Ntchafu yake, imene inali itafota, inayamba kudzaza, ndipo anthu anayamba kumuona akuthamanga m'mbali mwa msewu wa ku Zomba.

Chaka chitatha, a Selestina, mphunzitsi wa timu yawo, anamulowetsa pa masewero olimbana ndi atsikana a ku Magomero. Bondo silinapweteke. Koma mpira ukabwera m'mwamba, mapazi ake ankakanirira pansi. Kamtsikana kakafupi kanamulanda mipira imene kale akanaigwira ali chitsinzinire.

Pa nthawi yopumula a Selestina anamukokera pambali n'kumufunsa ngati bondo layambiranso.

“Ayi, aphunzitsi, linapola,” anatero Eluby. “Koma ndikati ndidumphe, thupi likukana. Ndikumamvanso kulira kuja.”

Anayesa nyengo yonse, osajomba pokonzekera masewero. Anakapemphereredwa kutchalitchi. A Selestina ankamudumphitsa pamchenga, ndipo pamenepo ankadumpha bwinobwino, koma akangolowa m'bwalo, wina n'kumugunda paphewa, mwendo unkauma. A ku Blantyre aja anatenga mtsikana wina wa ku Mikolongwe.

Eluby sanasiye mpira. Loweruka lililonse amavalabe yunifolomu n'kukhala pa benchi. A Selestina amamulowetsa kumapeto, timu ikakhala kuti yapambana kale kapena zakanikiratu. Anthu amamuombera m'manja pang'ono, mwaulemu, monga amachitira ndi munthu wochokera kuchipatala.