Chaka Chimene Maungu Anathothoka

Pampu yopopera thonje ya amalume inali ya malamba awiri, ndipo inkanunkha ngakhale itatsukidwa. Ndimaikumbukira bwino kuposa nkhope yawo.

Chaka chimenecho kwathu ku Golomoti mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Chiyembekezo cha amayi chinatsalira pa maungu amene anabzala pachulu kuseri kwa nyumba. Anachita maluwa ochuluka. M'mawa uliwonse njuchi za mumng'oma umene malemu bambo anapachika mumsangu zinkalowa m'maluwa achikasuwo, n'kutuluka miyendo italemera ndi mungu. Kulira kwake kunkamveka mpaka pakhonde.

Tsiku lina njuchi inaluma mng'ono wanga wa zaka ziwiri pachikope, diso n'kutsekeka. Mawa lake amalume anafika atabereka pampu, muli mankhwala otsala kumunda wa thonje.

"Mlongo, tizilomboti tidzakupherani mwana," anatero kwa amayi.

Anapopera maluwa onse atangomasula, kenako anakwera mumsangu n'kupopera pakamwa pa mng'oma. Sanali munthu woipa. Ankakonda ana a mlongo wawo, koma sankadziwa kufunsa.

Amene anasesa njuchizo ndine. Zinadzaza lichero.

Maluwa anapitiriza kumasula, koma timaungu tinkangokula ngati dzira, n'kufota, n'kuthothoka. Kwathu mwana saloza dzungu lanthete ndi chala, amati limafota. Ine ndinali nditaloza pomuonetsa mng'ono wanga, ndipo amayi anandiona.

"Iwe, chala chakocho chatigoneka ndi njala," anatero. Sanandimenye. Kukanakhala bwino akanandimenya.

Mwezi wa Febuluwale wonse tinadya nkhwani yokha, yowiritsa ndi mchere. Mng'ono wanga anatupa mapazi, tsitsi lake n'kufiira. Tinamuika m'manda Malichi asanathe. Kuyambira pamenepo ndinkadutsa m'minda ya anthu nditafumbata manja.

Ndinali kale ku koleji pamene aphunzitsi anajambula maluwa awiri a dzungu pabolodi, lalimuna ndi lalikazi, n'kunena kuti popanda njuchi yonyamula mungu dzungu silingakhwime. Anzanga ankalemba. Ine ndinatuluka panja. Amayi sindinawauze mpaka anamwalira, chifukwa mlandu ukanangochoka pa mwana wawo n'kugwera mlongo wawo, amene anatsala yekha wotilimira.

Lero ana anga a sukulu amati ndine wouma mtima chifukwa sindilola wina kupha njuchi m'kalasi. Sindiwafotokozera.

Koma m'mawa uja, ndikukataya njuchi za mulichero lija kudzala, ndinkayimba. Ndinkasangalala kuti mng'ono wanga sadzalumidwanso.